Gudumu Lolemera Mbali Imodzi

Ambiri a inu mudaonapo chigayo chikunjenjemera pamene nyundo imodzi yadyeka kuposa zinzake. Vuto limeneli lidasautsa amisiri kuyambira kale. Gudumu likalemera mbali imodzi, limakokera shafiti yake kumbali yolemerayo, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokokayo imawirikiza kanayi.

M'chaka cha 1869, William Rankine wa ku Scotland adalemba za liwiro limene shafiti imayamba kupindika moopsa, ndipo ambiri adakhulupirira kuti makina sangalipyole. Koma m'zaka za m'ma 1880, Gustaf de Laval wa ku Sweden adaika gudumu loyendera nthunzi pa shafiti yowonda, yolola kupindika. Litapyola liwiro loopsalo, gudumulo lidadekha lokha. Henry Jeffcott wa ku Ireland adalongosola chifukwa chake ndi masamu m'chaka cha 1919.

Lero amisiri amayeza kunjenjemera ndi zipangizo. Kukamabwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse, amayamba kukayikira mbali yolemera, ndipo akaipeza amapala chitsulo pang'ono kapena kuwonjezera kwinako. N'chifukwa chake mwini chigayo wanzeru sasintha nyundo imodzi yokha: amasintha zoyang'anizana pamodzi, ataziyeza pa sikelo.