Sing'anga wa ku Kirksville ndi Ulendo wa Manja Ake

M'chaka cha 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati m'dziko la America, mliri wa matenda oumitsa khosi unalowa m'nyumba ya Andrew Taylor Still m'chigawo cha Kansas, ndipo m'masiku owerengeka unatenga ana atatu, mwini nyumba, amene analinso sing'anga, akungopenya wopanda chochita. Misozi isanaume, chibayo chinadza kudzatenganso mwana wamkazi. Wina akadati ndicho chifuniro cha Mulungu, nakhala chete. Koma Still, ngakhale anali mwana wa mlaliki wa mpingo wa Methodist, anakana kusenzetsa Mlengi mlanduwo, nauika pa thumba la mankhwala limene iye ndi anzake ankayenda nalo.

Mlandu unalipodi. Munthu ameneyu, wobadwa mu 1828 ku Virginia, anaphunzira using'anga pamapazi pa atate ake, Abram Still, m'masiku amene wodwala ankamutema mtsempha kuti magazi atayike, ankamumwetsa calomel, mankhwala okhala ndi mercury, kufikira nkhama zitatupa ndi mano kugwedera, ndipo ululu ankautonthoza ndi opium ndi mowa waukali. Kotero ambiri amene anapulumuka nthenda sanapulumuke sing'anga.

Kwa zaka khumi Still anasanthula mafupa, kuwagwiragwira ndi kuwalumikiza kufikira zala zake zitawazolowera. Ndipo sitiyenera kubisa kuti ambiri mwa mafupawo anawapeza pofukula manda a eni nthaka a dzikolo, monga anavomera yekha m'buku la mbiri ya moyo wake, chinthu chimene kufuna nzeru sikungachiyeretse. Pa 22 June 1874, tsiku limene iye analiyesa chiyambi cha ntchito yake, anatsimikiza mumtima chiphunzitso chimene pambuyo pake anachitcha osteopathy: kuti thupi ndi limodzi, fupa, mnofu, mtsempha ndi magazi zikudalirana, kuti Mlengi, pokhala mmisiri wosalakwa, anaikiratu m'thupimo mankhwala onse ofunika, ndi kuti nthenda imalowa pamene fupa, makamaka la msana, lasuntha pamalo pake ndi kutsekereza magazi, choncho sing'anga awongole chopindikacho ndi manja, thupi lidzichize lokha.

Anasimba kuti chaka chomwecho, akuyenda m'mudzi wa Macon ku Missouri, anapeza mayi wosauka ali ndi ana, mmodzi wa zaka ngati zinayi akuchucha magazi chifukwa cha kamwazi. Atamunyamula anamva kuti msana ukutentha pamene mimba ili zii, ndipo anayamba kudiniza ndi kutikita motsata msanawo, kufewetsa pamene panali polimba. M'mawa mwake mayi uja anadzanena kuti mwana wachira. Mboni ya nkhaniyi ndi mwini wake yekha, ndiponso kamwazi nthawi zina amaleka wosamwera kanthu. Komabe m'nkhaniyi mukuoneka khalidwe limene lakhala pa ntchitoyi kufikira lero, lofunafuna gwero la vuto kutali ndi pamene pakupweteka.

Kwawo sanamulandire. Sukulu ya Baker University, imene banja lake linathandiza kukhazikitsa, inamukaniza kufotokoza maganizo ake. Alaliki anamudzudzula chifukwa chosanjika manja pa odwala, abale ake enieni namuyesa wozungulira mutu. Koma akulu anati wamisala anaona nkhondo. Anasamukira ku Kirksville, nayendayenda m'midzi ya Missouri monga wolunzanitsa mafupa, mpaka odwala anayamba kumulondola pa sitima zapamtunda. Ndipo mu 1892 anatsegula American School of Osteopathy m'kanyumba kamatabwa, momwe analandiramo akazi pamodzi ndi amuna, pa nthawi imene sukulu zambiri za udokotala zinkawatsekera akazi pakhomo. Mu 1896 chigawo cha Vermont chinakhala choyamba kuvomereza ntchitoyi mwalamulo.

Still anamwalira mu 1917, ndipo chaka chomwecho wophunzira wake wobadwira ku Glasgow, John Martin Littlejohn, anakhazikitsa British School of Osteopathy ku London. Kuyambira pamenepo mtundu wa otsatira Still unagawika pawiri. A ku America, pofuna kuyesedwa madokotala enieni, analowetsa pang'onopang'ono m'maphunziro awo mankhwala amene gogo wawo ankadana nawo, pakuti mankhwalawo anali atasinthika, ndipo palibe kuwongola msana kumene kukadapha tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi monga anachitira penicillin. Ku California mu 1962 pafupifupi 2,000 a iwo anasinthitsa digiri yawo ya osteopathy, DO, ndi ya udokotala wamba, MD, polipira madola 65, ndipo pofika 1973 zigawo zonse zinali zitawalola kulemba mankhwala ndi kuchita opaleshoni. A ku Britain anatsala ndi manja okha, nadikira mpaka 1993 kuti lamulo liwazindikire ndi kukhazikitsa bungwe la General Osteopathic Council. Ku South Africa nakonso amalembetsedwa m'kaundula wa Allied Health Professions Council.

Wolowa kwa sing'anga wotere lero akudandaula bondo asadabwe akauzidwa kuti ayende kuchoka kukhomo kufika pazenera, aweramire pansi, atembenuze khosi, kenaka n'kufunsidwa za mpando umene amakhalira kuntchito, za katundu amene amasenza ndi za tulo take. Pakuti sing'angayo akufuna aone ngati chiuno chapendekeka kapena phazi likuponda mokhota, asanayambe kukoka mwendo, kutikita minofu ndi kupotoza msana mpaka mfundo italira. Pa kupweteka kwa msana wam'munsi, ofufuza apeza kuti chithandizo chotere chimapepuza ululu, makamaka chikayendera pamodzi ndi kulimbitsa thupi. Ndipo ineyo ndiyesa kuti kufatsa kwa sing'anga womvetsera munthu yense, osati chiwalo chokha, kulinso ndi gawo lake pamenepo.

Pa ana aang'ono nkhani ndi ina. William Garner Sutherland, wophunzira winanso wa ku Kirksville, ataona mmene mafupa a chigaza alumikizirana, anakhulupirira kuti amasuntha pang'ono, mwa kugunda kwake kosiyana ndi kwa mtima ndi kwa mpweya, ndipo anasindikiza maganizowo mu 1939. Omutsatira amaika khanda chagada, nafungata mutu wake m'zikhatho mopepuka kwambiri kwa mphindi zingapo, ponena kuti akumasula zimene zinapanikizika pobadwa. Ndipo makolo otopa ndi mwana wolira usiku wonse amapita naye kumeneko ndi chiyembekezo chachikulu. Zoona, chigaza cha khanda n'chofewa, liwombo likuonekera. Koma kulira kwa m'miyezi yoyamba kumachepa kokha mwana akamafika miyezi itatu kapena inayi, kotero n'kovuta kudziwa amene wachiritsa, manja kapena masiku. Ofufuza atayesa kuika asing'anga awiri pa munthu mmodzi nthawi imodzi, wina kumutu wina kumapazi, kuti aliyense awerenge payekha kugunda kumene Sutherland anaphunzitsa, mawerengedwe awo sanagwirizane.