Kuchokera ku Johannesburg Kukatera ku Atlanta Osapumira Panjira

Ndege ya kampani ya Delta yomwe imanyamuka usiku pabwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg imakhala m'malere maola 16 kapena kuposerapo isanatere ku Atlanta, m'dziko la America. Ndege yomweyo ikamabwera kuno ku Africa imatenga maola pafupifupi 15. Mtunda sunasinthe, ndi makilomita pafupifupi 13,600 popita ndi pobwera pomwe. Ndiye ola linalo latayika kuti? Anthu a ndege sayamba n'kufunsa kutalika kwa ulendo. Amayamba afunsa za mphepo, kulemera kwa ndege, ndi pamene bwalo linamangidwa.

Makilomita amene amalembedwa aja amayezedwa potsata njira yotchedwa great circle. Mutatenga mpira n'kukoka ulusi kuchokera pa kadontho kena kufika pa kena, ulusiwo ukakungika umadutsa njira yaifupi koposa. Pa mapu a papepala njira imeneyi imaoneka yokhota, chifukwa dziko ndi lobulungira pamene pepala ndi lafulati. Oyendetsa ndege sawerenga n'komwe m'makilomita. Muyeso wawo ndi nautical mile, umene anatengera kwa amalinyero, ndipo umodzi ndi mamita 1,852. Komabe ndege siyenda pa ulusi uja ndendende. Imapatuka pozemba mitambo ya mabingu, potsata malangizo a oyang'anira mlengalenga, ndiponso pofunafuna mphepo yabwino. Kumwamba kwambiri, makamaka madera otalikirana ndi equator, mphepo zamphamvu zimaomba kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa. Wopita ku America amalimbana nazo, wobwera zimamukankha kumsana. Ola lija lili pamenepo.

Nkhani yaikulu, m'kuona kwanga, ili pansi, ndege isananyamuke n'komwe. Bwalo la O.R. Tambo lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene la Atlanta lili pa mamita 300 ndi pang'ono. Pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Mapiko amafuna mpweya woti auponde kuti anyamule ndege, injini nazo zimafuna mpweya woti ziumeze kuti zipereke mphamvu. Ukachepa, ndege imayenera kuthamanga kwambiri pansi isanadzuke. Akatswiri amangoti bwalo lotere ndi la hot and high. N'chifukwa chake msewu waukulu wonyamukira ndege ku O.R. Tambo ndi wautali makilomita oposa 4.4, ndipo kunyamuka usiku kukazizira kumathandiza ndege yolemedwa ndi mafuta.

Tsono taganizirani vuto lake. Ulendo wotenga nthawi yaitali, wolimbana ndi mphepo, wofuna mafuta ochuluka, ndi womwewonso umayambira pa bwalo limene ndege singanyamuke itadzaza mmene ingathere. Mafuta sangachepetsedwe, choncho chimene chimachepa ndi payload, kutanthauza anthu, zikwama zawo ndi katundu wamalonda, zonse zimene zimabweretsa ndalama. Mukadzaona mipando ingapo yopanda anthu pa ulendo wotere musafulumire kunena kuti matikiti sanayende malonda. Nthawi zina mipandoyo imasiyidwa dala.

Apa m'pamene pamabwera mawu awiri amene amasokoneza ogula matikiti. Ulendo wa nonstop ndi uja ndege ikanyamuka sitera paliponse kufikira itafika. Wa direct ndi woti nambala ya ulendo ndi imodzi, koma ndege ikhoza kutera panjira kumwetsa mafuta kapena kutenga anthu ena. Delta itayamba kubwera ku Johannesburg mu 2006 inkayamba yatera ku Dakar, m'dziko la Senegal, ndipo inayamba kuuluka osaima mu 2009 itaika pa njirayi Boeing 777-200LR. Masiku ano imagwiritsa ntchito Airbus A350. Amalawi amene amadzera ku Addis Ababa anaziona zimenezi. Bwalo la kumeneko la Bole lili pa mamita oposa 2,300, moti kwa zaka zambiri ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Washington inkatera ku Rome kapena ku Dublin kukamwetsa mafuta, koma pobwerera inkafika kwawo osaima. Wogulitsa tikiti akakuuzani kuti ndi direct sananame, kungoti sananene zonse.

Mbali yaikulu ya ulendo wa ku Atlanta imadutsa pamwamba pa nyanja ya Atlantic, ndipo ndege ili ndi injini ziwiri zokha. Lamulo lotchedwa ETOPS limanena kutalika kumene ndege yotere ingatalikirane ndi bwalo loti ingathawireko injini imodzi itazima, ndipo kutalikako kumawerengedwa m'mphindi zouluka ndi injini yotsalayo. Choncho okonza ulendo amayang'ana mabwalo a m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa Africa ndi a pa zilumba monga Sal ku Cape Verde, chilumba chimene South African Airways inkateraponso kale popita ku New York.

Zilembo zitatu za pa kapepala komata pa chikwama, JNB kapena ATL, zimaperekedwa ndi bungwe la makampani a ndege la IATA. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi LLW, la Chileka ndi BLZ. Oyendetsa ndege ali ndi zawo zinayi za bungwe la ICAO, monga FAOR ya O.R. Tambo ndi KATL ya Atlanta. Manambala akuluakulu openta kumapeto kwa msewu wa ndege nawo si okongoletsa. Msewu wautali uja wa ku O.R. Tambo mbali ina ndi 03L, mbali inayo ndi 21R. Nambala 03 ikusonyeza madigiri 30 pa kampasi, 21 ikusonyeza madigiri 210, ndipo L ndi R akusiyanitsa wa kumanzere ndi wa kumanja chifukwa misewu ilipo iwiri yoyandikana. Mbali yoyambira imasankhidwa poona kumene mphepo ikuchokera tsikulo, popeza ndege imadzuka msanga ikayang'anizana ndi mphepo.