Makamera a CCTV ndi Chitetezo m'Maboma a Machinga ndi Balaka

Makamera a CCTV ndi zipangizo zojambula zochitika pamalo amodzi usana ndi usiku, n'kusunga zithunzizo m'makina otchedwa DVR kapena NVR. Kawirikawiri amaikidwa m'mabanki, m'malo omwetsera mafuta a galimoto, m'mashopu akuluakulu ndi m'nyumba zogona alendo.

Kufunika kwake kumaoneka bwino pamalo ngati Liwonde. Tawuniyi ili pa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi, ndipo njanji ya ku Nacala imadutsa pomwepo kuchokera ku Nayuchi kulowera ku Nkaya m'boma la Balaka. Kumudzi mlendo amadziwika tsiku lomwelo, koma pamalo podutsa anthu ambiri chotere mbava imatha kuthyola shopu usiku n'kukwera minibasi m'mamawa popanda woizindikira. Apa kamera imagwira ntchito ziwiri. Wofuna kuba akaiona amazengereza, ndipo mlandu ukachitika imasunga nkhope, zovala, nambala ya galimoto kapena njinga yamoto ndi nthawi yeniyeni.

Komabe kamera siigwira wakuba. Imangothandiza apolisi ngati yaikidwa ndi kusamalidwa bwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kamera yopachikidwa pamwamba kwambiri imajambula zipewa m'malo mwa nkhope. Yoyang'ana kotulukira dzuwa imaonetsa zithunzi zakuda m'mawa. Magetsi akathima nayo imathima, pokhapokha ngati pali batire kapena sola, ndipo akuba amadziwa bwino zimenezi. Wotchi ya makinawo ikhale yolondola, chifukwa chithunzi chosonyeza tsiku lolakwika chimapereka mpata wotsutsa m'khoti. Makina ambiri amafufuta zithunzi zakale malo osungira akadzadza, choncho wobedwa akadziwitse apolisi msanga ndi kukopera zithunzizo zisanatayike. Makina osungirawo abisidwe m'chipinda chokhoma, popeza mbava yochenjera imanyamula iwo poyamba.

Zithunzizo ziperekedwe kupolisi, osati kuzimwaza pa WhatsApp kapena Facebook. Chithunzi cha usiku sichioneka bwino, ndipo munthu wosalakwa akhoza kumenyedwa kapena kuphedwa ndi gulu la anthu chifukwa chongofanana ndi wojambulidwayo. Kulanga munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu waukulu.

Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga chinsinsi, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 likunena za kasamalidwe ka uthenga wokhudza anthu. Kamera isaloze m'zimbudzi, m'zipinda zogona kapena m'bwalo la nyumba ya mnansi, ndipo ndi bwino kuika chikwangwani pakhomo chodziwitsa anthu kuti pamalopo pali makamera.