Tinabwera Kuno ndi Mapazi

Adzukulu anga, tsiku lina mmodzi wa inu anafika pano pa Matero atabereka chikwama chachikulu kumsana, nsapato zili zolimba ngati za msilikali, nati iye ndi anzake akupita kukakwera mapiri ndi kukagona kutchire masiku atatu. Ndinachinyamula chikwamacho kuti ndimve kulemera kwake, ndipo mtima wanga unathamangira kwa malemu atate, amene anayenda masabata atatu athunthu kuchokera kwa Kawaza ku Katete mpaka kuno ku Lusaka. Sendezani mipando, ndikuuzeni monga ankatiuzira iwo madzulo tikuotha mbaula.

Chinawachotsa pamudzi ndi msonkho. Mesenjala wa ku Boma akatulukira ndi chisoti chake chofiira, mudzi wonse unkangoti zii, pakuti mzungu sankalandira nkhuku kapena dengu la mapira, ankafuna ndalama basi. Anyamata ambiri a kwathu ankalowera kumwera, kuoloka Zambezi cha ku Tete, kupita ku Salisbury, ena mpaka ku Joni, ndipo ambiri anasanduka machona, amayi awo n'kumwalira maso ali kunjira. Atate anasankha kolowera dzuwa, chifukwa m'chaka cha 1931 mbiri inamveka kuti azungu akufuna kusamutsa likulu kuchoka ku Livingstone, ndiye pa Lusaka padzafunika manja oumba njerwa ndi kuswa miyala.

Ulendo wotere sankaunyamuka mwachisawawa. Ankadikira kuti akolole, nkhokwe zidzaze, mitsinje iphwe, koma dzuwa la October lisanafike, poti m'chigwa cha Luangwa dzuwa limenelo limaotcha ngati ng'anjo. Ananyamuka mu June, mphepo ikulasa m'mafupa. Agogo anga anatha masiku akusinja kamba: ufa m'kathumba, chimanga chokazinga, mtedza, chiponde m'kachikho, mchere pang'ono womanga pakansanza, ndi fodya wopota wosinthanitsa ndi zakudya m'njira. Zonsezi, pamodzi ndi kamphika, mthiko ndi bulangete limodzi, ankazikulunga mumkeka, n'kumanga ndi luzi, phukusi lija pamutu, nkhwangwa paphewa, chipanda cha madzi kumanja. Chitupa chokha ndicho ankachisunga pafupi ndi thupi, chifukwa munthu wopanda chitupa anali ngati mbuzi yosochera. Mbandakucha wa tsikulo agogo anathira ufa patsinde la msolo, kuuza makolo kuti mwana wanu uyu akupita, muyende naye.

Anali anthu asanu ndi atatu, paja kuyenda awiri si mantha. Msewu unalipo, wafumbi, wolambulidwa ndi makasu, koma galimoto inkadutsa mwa apo ndi apo ndipo sinali ya munthu wopanda khobidi, choncho iwo ankatsata tinjira tachidule ta eni dziko. Ankadzuka tambala woyamba, kuyenda mpaka dzuwa lifike paliwombo, kupuma pamthunzi akukukuta chimanga, kenaka kuyendanso mpaka mithunzi italike. Atadutsa Sinda analowa m'dziko la Ansenga, kwa Kalindawalo, ndipo kumeneko kunali bwino, midzi ili pafupipafupi. Akafika pamudzi sankangolowa ayi. Ankakhala pansi chapatali, kuomba m'manja, mpaka wina awatengere kwa nyakwawa, ndiye amayi a pamudzipo ankabwera ndi nsima ya ndiwo zotendera, anyamata n'kuwapatsa malo m'mphala. Atate ankati palibe amene anawafunsa malipiro, chifukwa mlendo ndi mame, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi mwana wake amene nthawi yomweyo ankadya nsima ya eni kwinakwake. Wamkulu wa ulendo ankawakumbutsa tsiku ndi tsiku kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza, poti njira yomweyo ndi imene adzabwerere.

Mantha anayamba atapitirira Nyimba, m'mapiri a Kacholola. Midzi inatalikirana, nsungwi zinachuluka, akashembe ankaluma mpaka kuboola malaya, ndipo madzi ankachita kufukula mumchenga wa mitsinje youma. Dzuwa likapendeka ankadula nthambi zaminga kumanga msasa, kusonkha moto waukulu pakati, n'kumagona mosinthana, awiri ali maso. Usiku wina mkango unabangula pafupi kwambiri moti atate ankati anamva nthaka ikunjenjemera pansi pa mkeka, ndipo palibe anatsokomola mpaka kunacha. M'mawa anapeza mapazi ake atazungulira msasa. Nkhani iyi ankaifotokoza motsitsa mawu ngakhale atakalamba, tili m'nyumba ya malata pakati pa tauni.

Pa Luangwa panalibe mlatho nthawi imeneyo. Uwu mukuudziwa inu, pamene mabasi amaima anthu n'kumagula nsomba zouma ndi madengu, unatsegulidwa mu 1968. Iwo anaoloka pa bwato, atatuatatu, atalipira fodya, mwini bwato atawalangiza kuti asaviike dzanja m'madzi chifukwa cha ng'ona. Kutsidya kunali kukwera kokhakokha, mapiri a Manenekela, miyala yakuthwa, zikang'a zikutuluka magazi, ufa utatsala wa phala lokha, anthu akukhalira malambe ndi masau. Mmodzi wa iwo malungo anamugwira, ndipo anamunyamula mosinthana masiku awiri mpaka pamudzi wina wa Asoli m'dziko la Mpanshya, kumene mayi wina wokalamba anamulandira ngati mwana wobala yekha. Anamusiyira bulangete ndi fodya yense wotsala. Munthuyo anachira, nakwatira komweko.

Kuchoka apo ndi Rufunsa, kenaka Chongwe kwa Nkomeshya, dziko n'kuyamba kuyalika. Atate ankati chimene chinawauza kuti afika ndi kulira kwa sitima usiku, chinthu chimene anali asanachimvepo chibadwire. Lusaka weniweniyo anali kamzinda kafumbi m'mbali mwa njanji, masitolo owerengeka, matope nthawi ya dzinja. Likulu linasamukira kuno mu 1935, njerwa zina zitadutsa m'manja mwawo.

Makomboni mukukhalamowa anamera pang'onopang'ono kuchokera kwa anthu otere. Wobwera ankafunsa kumene kuli anthu akwawo, n'kukagona pakhonde pawo mpaka apeze ntchito, naye mawa n'kulandira wina. Komboni ya George inatenga dzina la mzungu mwini malowo, Chawama poyamba ankatchedwa Roberts, ndipo zitupa zitatha ndi ufulu wa 1964, Kanyama ndi Kalingalinga anadzaza, Mtendere n'kubadwa. Amayi anga anabwera pambuyo pa lole ya Thatcher Hobson, komabe kuyenda sikunathe, pakuti atate ankachoka pa Matero kusanache kupita kumayadi wapansi, n'kubwera nyenyezi zitatuluka. Chinyanja chimene mukulankhula m'minibasi ndi pa Soweto Market, mbali yaikulu chinabwera ndi anthu amenewa, pamodzi ndi mikeka ndi timiphika tawo.

Tsono iwe wachikwama, pita ukakwere mapiri ako, ndakondwa nawe. Koma tsiku limene mudzakwere basi ya ku Chipata, nonsenu, mukadzafika pa Luangwa mudzatsike, mudzayang'ane madziwo ndi mapiri a kutsidya, mudzauze ana anu kuti agogo awo anadutsa pamenepo ndi mapazi.