Za Hina, ndi M'mene Inafikira Kuno Kwathu

Makolo athu a kuno kutsinde kwa phiri la Mulanje sanaidziwa hina. Namwali wokwatiwa anambveka mikanda m'chuuno, namdzoza mafuta a nsatsi, ndipo pathupi pache panali mphini zimene anamtema kale. Dr. Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza akazi a Amang'anja alikubvala pelele pa mlomo wam'mwamba. Akazi a Ayao anali ndi chipini pamphuno. Zokometsera zimenezi zinali za kuboola ndi kutema, ndipo mkazi analowa nazo m'manda. Koma hina siiturutsa mwazi, ndipo ifafanizika yokha akapita masabata awiri kapena atatu.

Mtengo wache ndi chitsamba cha maiko otentha, monga Egypt, Arabia ndi India, ndipo ophunzira za mitengo autcha Lawsonia inermis. Masamba ache awaumitsa, nawasinja, nasefa ufa, nauponda ndi madzi kapena ndi madzi a mandimu. Pa mitembo yina ya ku Egypt, imene inagona m'manda zaka zoposa 3,000, anapezapo tsitsi lofiira ndi hina. Buku la Nyimbo ya Solomo litchula mtengo umenewu pa mutu 1 ndi pa mutu 4, ndi dzina la Chihebri lakuti kofer. Ndinena ichi chifukwa ena mwa ife ayesa kuti hina ndi chinthu cha Asilamu okha. Iai, inalipo Chisilamu chisanayambe. Ndipo Ayuda a ku Yemen ndi ku Morocco, Ahindu, ndi Akristu a ku Egypt, onsewa akometsa nayo akwati ao.

Kuno kwathu inadzera njira ziwiri. Yoyamba ndiyo ya ku gombe la nyanja yamchere. Pamene Seyyid Said wa ku Oman anakhazika mpando wache ku Zanzibar, cha m'ma 1840, amalonda a Chiswahili anachuruka m'kati mwa dziko. Jumbe anakhala ku Nkhotakota; mfumu Makanjira analandira Chisilamu cha m'ma 1870; ndipo pamodzi ndi chipembedzocho panadza kabvalidwe ndi miyambo ya ukwati ya ku gombe. Ngakhale dzina lakuti hina talilandira kwa Aswahili, amene analitenga kwa Aluya. Kuno ku Mulanje mafumu a Ayao, monga Matipwiri ndi Mkanda, anachita malonda ndi anthu a ku Quelimane. Tisabise kuti njira imene inadzera nsaru ndi mikanda ndiyo inapitira akapolo, kufikira Boma linamanga Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti liitseke.

Njira yachiwiri ndiyo ya Amwenye, ambiri a ku Gujarat, amene anayamba kutsegula masitolo ku Chiromo ndi ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890. Iwo aitcha mehendi, ndipo akazi ao alemba nayo maluwa, masamba ndi timizere tating'ono todzaza dzanja lonse. M'zaka za m'ma 1970 Boma la Dr. Banda linawachotsa kumidzi kuti achite malonda m'mizinda ikuru yokha, ndipo luso lija linamuka nao komweko.

Tsono hina igwira bwanji? M'masamba muli utoto umene ulowa m'khungu lakunja, nuphatikana nalo. Chifukwa chache ipsa kwambiri pa zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, pamene khungu lili lochindikala. Pa chikhadabo siichoka konse kufikira chikhadabo chatsopano chitakula. Phala lache liyenera kukhala pakhungu maora 6 kapena 8, ndipo ambiri agona nalo, atalinyowetsa pang'ono ndi madzi a mandimu osanganiza ndi shuga kuti lisayoyoke msanga. Kukacha alikokota louma, osalitsuka, nadzolapo mafuta. Poyamba cholembacho chioneka chotumbuluka ngati lalanje, ndipo mkwati wosadziwa ada nkhawa. Koma mphepo ichipsetsa, ndipo akapita masiku awiri chafiira bii. Ndicho chifukwa alemba mkwati atatsala masiku awiri, si usiku wa ukwati. Sopo ndi kuchapa ndizo adani ache, ndipo m'maiko ena anena kuti mkwati asagwire nchito za m'nyumba kufikira hina itatha. Apongozi a kuno sindiyesa kuti angabvomere mwambo umenewo.

Kale analemba ndi kamtengo kapena ndi chala. M'zaka zapambuyo panadza kathumba ka pulasitiki kosongoka, kamene kathira phala ngati cholembera, ndipo ndi iko akazi ambiri ku India ndi ku Zanzibar asandutsa hina kukhala nchito yodyera. Mtsikana wa ku Milonde wofuna nchitoyi ayambe papepala, pambuyo pache pa dzanja lache ndi la abale ache. Adziwenso kuti malonda ache ali a nyengo, ndiyo ya maukwati ndi ya Idi, ndi kuti ofuna kulipira achuruka ku Limbe ndi ku Mangochi koposa m'midzi yathu.

Pali zinthu ziwiri zimene ayenera kuziopa. Hina yeniyeni siikhala yakuda. Imene aigulitsa kuti ndi hina yakuda, yogwira msanga, kawiri kawiri aithira mankhwala odetsa tsitsi otchedwa PPD, amene aturutsa matuza ndi kusiya zipsera monga mwa maluwa omwe analembawo. Ndipo munthu amene anatupa nayo kamodzi akhoza kutupanso moyo wache wonse akakhudza mankhwalawo. Chachiwiri, asapake hina pa khanda. Ana ambiri a mu Africa abadwa ndi chofoka cha m'mwazi chimene asing'anga a kuchipatala achitcha G6PD, ndipo mwa otere hina iononga mwazi, nibweretsa chikasu. Ufa wabwino uli wobiriwira, ununkhira ngati udzu wouma, ndipo wolemba wanzeru auyesa kaye pa kamalo kakang'ono ka mkono asanalembe manja a mkwati.