Mbiri ya Timagalimoto: Ta Citsulo ndi Ta Waya

Tonsefe tinaonapo mwana akuyendetsa galimoto ya waya. Wagwira ciwongolero cacitali, pakamwa akuliza injini, anzake akuthamanga pambuyo. Akulu ambiri timangodutsa osaceuka. Timati ndi masewera a ana. Koma kagalimoto kameneka kali ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikukhudza mzinda wathu wa Lichinga.

Pali mitundu iwiri ya timagalimoto. Tina timapangidwa m'mafakitale ndi citsulo cosungunula. Tina timapangidwa ndi manja a ana athu. Tiyeni tione kumene mitundu iwiriyi inacokera.

Timagalimoto ta m'fakitale

Tonse timadziwa kuumba njerwa. Timaponda dothi, timaliika m'cikombole, njerwa n'kutuluka zofanana. Timagalimoto ta citsulo timapangidwa m'njira yonga yomweyo. Anchito amasungunula zinki, amasakaniza ndi aluminiyamu pang'ono ndi zitsulo zina. Makina amakankhira citsulo camadzico m'cikombole colimba. Cikazizira, thupi la kagalimoto latuluka. Kenaka amapaka utoto ndi kuika mawilo. Cikombole cimodzi cimatulutsa timagalimoto zikwi zambiri.

Nchito imeneyi inakula kwambiri ku England. Mu 1934 kampani ya Meccano, ya mumzinda wa Liverpool, inayamba kugulitsa timagalimoto ta dzina lakuti Dinky Toys. Mwini kampaniyo anali Frank Hornby. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analeka kupanga zoseweretsa, cifukwa citsulo cinali kufunika ku nkhondo. Nkhondo itatha mu 1945, nchito inayambanso.

Mu 1953 kampani ya Lesney, ya ku London, inatulutsa timagalimoto tating'ono kopambana. Tinali kugulitsidwa m'timabokosi tonga ta macesi. Ndiye cifukwa cake anatipatsa dzina lakuti Matchbox, kutanthauza bokosi la macesi. Mmisiri amene anatiyambitsa anali Jack Odell. Tinali totsika mtengo, motero ana a anthu wamba a ku England anatha kugula.

Ena anatsatira. Corgi inayamba mu 1956 ku Wales, ndipo timagalimoto take tinali ndi mawindo a pulasitiki. Mu 1968 kampani ya Mattel, ya ku America, inabweretsa Hot Wheels, timagalimoto ta mawilo othamanga kwambiri. Mpikisano unakula, ndipo makampani akale anayamba kugwa. Fakitale ya Dinky ku Liverpool inatsekedwa mu 1979. Lesney inagwa mu 1982, ndipo nchito yopanga Matchbox inasamukira ku Macau, ku Asia. Lero timagalimoto tambiri totere timapangidwa ku Asia.

Akulu osunga timagalimoto

Ana amene anasewera ndi Dinky ndi Matchbox anakula. Ena a iwo anayamba kufunafuna timagalimoto ta ubwana wao. Anatigula, anatiika m'makabati a galasi, analemba dzina ndi caka ca kalikonse. Umu ndi mmene mwambo wosonkhanitsa timagalimoto unafalikira. Lero pali magulu a anthu otere m'maiko ambiri. Ali ndi mabuku ao ndi misika yao.

Kwa anthu amenewa, kagalimoto kosakandika, kamene kali ndi bokosi lake loyamba, ndiko ka mtengo wapatali. Kagalimoto kamene kanagulidwa ndi ndalama zocepa kale kangathe kugulitsidwa lero pa mtengo woposa wa mbuzi. Cifukwa cake n'cakuti tambiri tinaonongeka m'manja mwa ana, ndipo totsala n'tocepa.

Osunga timagalimoto amasamalanso za muyeso. Pa bokosi pamalembedwa manambala monga 1:43 kapena 1:64. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Muyeso wa 1:43 utanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali kuwirikiza ka 43 kuposa kagalimotoko. Titenge galimoto yotalika mamita 4 ndi masentimita 30. Onse pamodzi ndi masentimita 430. Tikagawa 430 ndi 43 tipeza 10. Motero kagalimoto kake kadzatalika masentimita 10, pafupifupi m'lifupi mwa cikhatho ca munthu wamkulu.

Galimoto ifika ku Niassa

Tsopano tibwerere kwathu. Makolo athu anali kuyenda pansi ndi pa bwato. Azungu anali kunyamulidwa pa macila. Kuyambira mu 1891 mpaka mu 1929, dera lathu linapatsidwa kwa kampani ya dzina lakuti Companhia do Niassa. Kampaniyo inali kutenga msonkho ndi kugwiritsa anthu nchito, koma siinasiye misewu yabwino.

Mu 1931 Apwitikizi anakhazikitsa mzinda pamwamba pa mapiri ano, naupatsa dzina lakuti Vila Cabral. Misewu yopita kumeneko inalambulidwa ndi makasu a anthu ogwidwa cibalo. Pa misewu imeneyo panayamba kudutsa malole a amalonda ndi magalimoto a boma. Njanji yocokera ku Nacala inafika mu 1969. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, mzinda unalandira dzina lakuti Lichinga.

M'zaka zimene ana a ku London anali kugula Matchbox, mlimi wa ku Niassa anali kusowa ndi ndalama ya msonkho yomwe. Zoseweretsa za m'sitolo zinali za ana a atsamunda ndi a anthu ocepa olandira malipiro. Mwana wa kumudzi anali kuziona patali, ngati anaziona n'komwe. Koma galimoto yeniyeni anaiona bwino. Anaiona itatitimira m'matope nthawi ya dzinja. Anasuzumira pansi pake dalaivala akukonza. Zimene anaona anazisunga m'mutu.

Mmisiri wamng'ono

Ana athu anali amisiri kuyambira kale. Anali kuumba ng'ombe za dongo ndi kupanga zidole za zitsononkho. Galimoto itabwera, anayamba kuipanga ndi mapesi, bango ndi nsungwi. Waya atayamba kupezeka, anapeza cinthu cabwino koposa, cifukwa waya amapindika ndipo saphwanyika.

Tione nchito ya mwana ameneyu. Coyamba amafuna zipangizo: waya wokhuthala wa thupi, waya wopyapyala womangira, mphira ya cubu ca njinga, zitini ndi zotsekera mabotolo. Amaongola waya ndi mwala. Amayesa mbali ziwiri kuti zifanane. Mawilo amawadula ku patapata wakutha, kapena amapinda waya mozungulira citini. Cinthu covuta koposa ndi ciwongolero. Mwana amalumikiza waya wautali ku mawilo akutsogolo, kuti akapotoza dzanja mawilo onse awiri akhote pamodzi. Palibe amene anamulembera zimenezi pa bolodi. Anaphunzira kwa mkulu wake, ndipo iye adzaphunzitsa mng'ono wake.

Fakitale ili ndi cikombole cimodzi cotulutsa timagalimoto tofanana. Mwana alibe cikombole. Galimoto yake iliyonse ili ndi maonekedwe akeake.

Mwana amapanga cimene waona pamsewu. Tikumbukire zimene zinadutsa m'misewu yathu. Pa nkhondo ya ufulu, kuyambira mu 1964 mpaka mu 1974, kunali malole a asilikali a Cipwitikizi, a Berliet ndi a Unimog. Pambuyo pa ufulu kunabwera malole a IFA ocokera ku East Germany. M'zaka za nkhondo ya paciweniweni misewu inali yoopsa, ndipo anthu ambiri anathawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinaona magalimoto oyera a mabungwe othandiza. Kenaka kunaculuka ma chapa ndi njinga zamoto. Tikanasunga galimoto imodzi ya waya ya nyengo iliyonse, bwenzi tili ndi mbiri yonse ya misewu yathu pa thebulo limodzi.

Luso limeneli si la Niassa yekha. Lili ku Tete, ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. M'mizinda ina amisiri akulu amapanga magalimoto a waya ndi kugulitsa kwa alendo. Mu 1990 mai wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, anatulutsa buku la ana la dzina lakuti Galimoto. Limanena za mnyamata wofunafuna waya m'mudzi mwake. Kudzera m'bukulo, ana a maiko akutali anaphunzira liu la cinenero cathu.

Cimene tingataye

Lero m'misika ya Lichinga muli zoseweretsa za pulasitiki zotsika mtengo. Mwana amakondwa nazo, koma sizikhalitsa, ndipo zikasweka sizikonzeka. Ngati ana onse azolowera zogula, luso la waya lidzasowa wolilandira. Nazonso galimoto za waya zimene zilipo sitizisamala. Zikacita dzimbiri timazitaya kudzala. Anthu a ku England anasunga timagalimoto tao ndi mabokosi omwe. Ife tasunga zingati?

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wodziwa kuyesa, kupinda ndi kulumikiza ali kale pa njira ya umakaniko, ya ukalipentala ndi ya kuotcerera zitsulo. Tisamukalipire kuti akutaya nthawi. Timupatse waya wotsala, ndipo timulangize kuti asamasule mpanda wa mwini.

Nafenso tingathe kukhala osonkhanitsa. Sipafunika ndalama. Tipemphe galimoto imodzi kwa mwana wa m'mudzi mwathu. Tilembe pa kapepala dzina la woipanga, mudzi, caka, ndi mtundu wa galimoto imene anatsanzira. Timangirire kapepalako ku ciwongolero, tiisunge pouma. Tifunsenso agogo kuti atiuze za galimoto yoyamba imene anaiona, ndipo tilembe mau ao. Zaka 30 zikadzapita, adzukulu athu adzawerenga kapepalako ndi kudziwa zimene zinali kuyenda m'misewu ya Niassa.

Tikambirane

1. Kodi timagalimoto ta citsulo timapangidwa bwanji?
2. Lole ndi yotalika masentimita 860. Pa muyeso wa 1:43, kalole kake kadzatalika masentimita angati?
3. Ndi magalimoto ati amene anali kudutsa m'mudzi mwathu pamene tinali ana?
4. Ndani m'mudzi mwathu amene amadziwa bwino kupanga galimoto ya waya?