Chimene chinatsekereza mtsikana wa ku Thyolo kusukulu

Mukafunsa chifukwa chimene atsikana a m'minda ya tiyi ku Thyolo amasiyira sukulu panjira, ambiri amathamangira kunena chinamwali. Ine ndimakayika, chifukwa mbiri ya bomali ikuonetsa kuti nkhani yagona pa malo ndi ntchito.

Sukulu inafika kuno tiyi asanafike. Mu 1902 a Seventh-day Adventist anagula mishoni ya Plainfield ku Makwasa, imene mu 1907 anaitcha Malamulo, ndipo amene ankaphunzitsa ana masiku oyambawo anali mkazi, Mabel Branch, mwana wa mmishonale wachikuda wa ku America. Tiyi anayamba cha m'ma 1908, Satemwa n'kudzatsegulidwa mu 1923.

Alhomwe ochokera ku Mozambique ankapatsidwa pokhala pamalo a azungu, lendi yake kukhala thangata. Dzinja likafika, bambo ali ku thangata, mayi ali ndi khasu kumunda. Nanga wobereka khanda, wotunga madzi ndi wosinja akhale ndani? Atsikana ochepa amene ankafika m'kalasi, ngakhale dipatimenti ya maphunziro itakhazikitsidwa mu 1926, ankalimbikitsidwa kwambiri kusoka, kuphika ndi ukhondo. Thangata linautsa zipolowe mu 1953 ndipo linatha mu 1962, koma malo anatsalabe m'manja mwa maesiteti.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1993, pamene mtsikana wotenga pakati analoledwa kubwerera kusukulu akachira. Mu 1994 fizi ya pulayimale inachotsedwa, ana a m'sukuluzi m'dziko lonse n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 2015 lamulo linati ukwati uziyambira zaka 18.

Kenaka kunadza mliri wa 2020. Sukulu zinatsekedwa mu Marichi kwa miyezi yoposa isanu, ndipo kafukufuku wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 ali ndi pakati, ena 13,000 atakwatiwa. Anamkungwi analipo kale chaka chimenecho chisanafike. Chimene chinasintha n'chakuti mwana ankaswera yekha m'komboni, makolo atalawirira kuntchito, m'nyumba mulibe ufa. Zimandiwawa kuti ambiri tinadzudzula anawo osafunsa kuti ankadya chiyani.

Sukulu zitatsegulidwa, lamulo linawalola kubwerera. Koma mayi wothyola tiyi, amene ndalama yake imadalira makilo a m'dengu, sangajombe kuti alere mdzukulu, ndipo mtsikanayo alibe womusiyira khanda.